Mphika wa Miyendo Itatu: Kuuzindikira ndi Kuusunga

M'midzi ya m'mphepete mwa nyanja m'boma la Nkhata Bay, kuyambira ku Kande ndi ku Chintheche mpaka ku Usisya, ndiponso cha kumtunda ku Mpamba, muli chiŵiya chimodzi chimene sichisoŵa pa maliro, pa ukwati kapena pa msonkhano wa mpingo. Chiŵiyacho ndi mphika wachitsulo wakuda bii, wa mimba yotukuka, wa makutu aŵiri ndi miyendo itatu. Omvera a m'maboma ena amaudziŵanso, pakuti palibe chigawo cha Malaŵi kumene sunafike. Koma ku Nkhata Bay mphika umenewu uli ndi mbiri yakeyake, chifukwa anthu a kumeneko, Atonga, anali m'gulu la oyamba m'dziko lino kupita kutali kukagwira ntchito yolipidwa, ndipo pobwerera kwawo ankanyamula katundu wa kunja.

Masiku ano miphika yakale yotere ikutha. Sikuti ikutha ndi moto ayi, pakuti mphika wachitsulo wosamalidwa bwino umaphikira mibadwo itatu kapena inayi. Ikutha ndi sikelo. Ogula zitsulo zakutha amayenda m'midzi, ndipo kwa iwo mphika wa agogo ndi chitsulo cha galimoto yakufa n'chimodzimodzi: zonse amaziyeza pa kilogalamu. Mwini wake amalandira ndalama yochepa imene imatha tsiku lomwelo, ndipo chinthu chimene munthu anachisenza kuchokera ku Joni chimakaphwanyidwa ndi nyundo. Nkhani ya lero ikufotokoza mmene munthu angazindikirire mphika wakale weniweni, ndi mmene angausungire pamodzi ndi mbiri yake.

Kumene inachokera

Makolo a dziko lino ankachidziŵa chitsulo kalekale azungu asanafike. Ankayenga miyala m'ng'anjo zadothi, ndipo amisiri monga Aphoka a m'mapiri a ku Rumphi anatchuka ndi makasu awo. Koma ng'anjo zimenezo sizinkasungunula chitsulo kuti chiyende ngati madzi. Chinkatuluka ngati chibuma, ndipo wosula ankachimenya mpaka chisanduke khasu, nkhwangwa kapena mkondo. Zophikiramo zinali ntchito ya amayi oumba dothi. Mphika wa miyendo itatu supangidwa ndi nyundo. Chitsulo chake chimasungunulidwa pa moto wa madigiri pafupifupi 1,200, n'kuthiridwa m'chikombole cha mchenga, ndipo chikazizira chikombolecho amachiphwanya. Motero mphika wakale uliwonse wotere wopezeka ku Chintheche unachita kubwera, ndipo funso loyamba ndi lakuti: unachokera kuti, nanga unadzera njira iti?

Mu 1707 munthu wina wa ku England, Abraham Darby, analandira chikalata cha boma chomuteteza pa luso lake loumba miphika ya mimba m'zikombole za mchenga. Mu 1709 anayamba kuyenga chitsulo ku Coalbrookdale ndi malasha ootcha m'malo mwa makala a mitengo. Zinthu ziŵirizi zinachititsa kuti miphika ikhale yopyapyala ndi yotsika mtengo, kotero kuti amalonda anayamba kuitumiza ku maiko akutali. Ku Scotland kampani ya Carron inatsegulidwa mu 1759 pafupi ndi tauni ya Falkirk, ndipo patapita zaka dera lonselo linadzaza ndi mafakitale oumba chitsulo. Ku England kunalinso makampani monga Kenrick ya ku West Bromwich, imene inayamba mu 1791, ndi Cannon ya kufupi ndi Bilston.

Njira yoyamba imene katundu wa ku Ulaya anafikira ku nyanja kuno inali ya amishoni ndi amalonda. Mu 1881 mishoni ya Livingstonia, motsogozedwa ndi Dotolo Robert Laws, inasamuka ku Cape Maclear n'kudzakhazikika ku Bandawe, pafupi ndi Chintheche, isanakwere ku Khondowe mu 1894. Kampani ya African Lakes, imene inayambika ku Glasgow mu 1878 ndipo anthu anaitcha Mandala, inkayendetsa sitima panyanja ndi kutsegula masitolo. Atonga ambiri anagwira ntchito ku kampaniyi, ena monga amtengatenga, ena pa sitima, ndipo anayamba kugula zinthu ndi ndalama anthu a madera ena asanazoloŵere.

Njira yachiŵiri, imene inabweretsa miphika yambiri, inali ya apaulendo. Amuna a m'bomali ankapita ku Halale, ku Bulawayo, ku migodi ya mkuwa ndi ku Joni, ena kudzera ku Wenela, koma ambiri paokha, ulendo umene ankautcha selufu. Wotchuka mwa iwo anali Clements Kadalie wa ku Chifira, amene anayambitsa bungwe lalikulu la apantchito ku Cape Town mu 1919. Katswiri wina, J. van Velsen, amene anakhala pakati pa Atonga m'zaka za m'ma 1950, anapeza kuti amuna oposa theka anali kunja kwa boma lawo nthaŵi iliyonse. Ambiri mwa iwo anali akalaliki, akapitawo ndi ophika m'nyumba ndi m'mahotela, ndipo munthu wophika amadziŵa mphika wabwino. Wobwerera ankafika ndi bokosi la zovala, njinga, makina osokera, ndi mphika wa mayi ake kapena wa mkazi wake. Sunali katundu wopepuka. Mphika wa nambala 3 umalemera makilogalamu oposa 10, ndipo unkayenera kukwera sitima ya pamtunda, kenaka ya pamadzi. Ku Usisya, kumene Ilala imaima patali ndi gombe, unkatsitsidwira m'bwato. Munthu sankasenza chinthu chotere chifukwa cha maseŵera.

Zizindikiro za pa mphika

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wofuna kuzindikira mphika ayenera kuutulutsa padzuŵa, kuuchotsa mwaye, ndi kuuyang'ana mbali zonse mosafulumira.

Choyamba ndicho kutsimikiza kuti ndi chitsulo. M'misika muli miphika ya miyendo itatu imene amisiri a m'dziko muno amaumba ndi aluminiyamu wa zinthu zakutha. Ikada ndi utsi imafanana ndi yachitsulo, koma ndi yopepuka kwambiri, sichita dzimbiri, ndipo ikakandidwa imaŵala mbuu. Njira yachidule ndi maginito, monga ya m'sipika ya wailesi yakufa. Pa chitsulo imamatirira, pa aluminiyamu imagwa.

Chachiŵiri ndicho misoko. Popeza mphika wa mimba sungatuluke m'chikombole cha chibenthu chimodzi, opanga ankagwiritsa ntchito zibenthu zingapo zolumikiza. Pamene zibenthuzo zinakumana pamatsala mzere wotukuka pang'ono, wotsika kuchokera kukamwa kupita kunsi, mbali ino ndi mbali inayo. Miyendo ndi makutu zimakhala thupi limodzi ndi mphikawo. Ngati miyendo inachita kuotcherera, kapena ngati khoma lake limapindika likagundidwa, chimenecho ndi chitsulo chachitini, osati chothira m'chikombole.

Chachitatu chili kunsi. Mphika unkaumbidwa chozondoka, ndipo chitsulo chosungunuka chinkaloŵera pakati pa miyendo. Pamalopo pamatsala chipsera. Pa miphika yakale kwambiri chipseracho chimakhala chozungulira ngati ndalama. Pa yambiri ya m'zaka za m'ma 1800 chimakhala mzere wautali ngati chala. Mafakitale a pambuyo pake anayamba kuchipala kapena kuthirira chitsulo malo ena, kotero kuti kunsi kumakhala kosalala. Chipsera chachitali ndi umboni wa kaumbidwe kakale, koma si chidindo cha chaka, pakuti opanga ena anapitiriza njira yakaleyo kwa nthaŵi yaitali.

Chachinayi ndilo dzina. Opanga ambiri ankaumba dzina lawo pa mimba kapena pa chivundikiro, ndipo zilembo zake zimatukuka, kotero kuti chala chimazimva ngakhale maso asanazione. Zikafufutika, munthu aike pepala pamwamba pake n'kukhwekhweza ndi pensulo, zilembo zimaonekera. Dzina lofala kwambiri ndi Falkirk, ndipo apa m'pofunika kusamala. Kampani ya Durban Falkirk inkapanga miphika ya dzina lomweli ku Natal, ku South Africa, motero dzina lokhalo silitsimikiza kuti mphika unachokera ku Scotland. Pafunika kufunafunanso mawu onena dziko limene unapangidwa. Dzina lina la ku South Africa ndi Best Duty, ndipo miphika yake yambiri si yakale kwenikweni. Mphika wopanda dzina usanyozedwe, chifukwa yakale yambiri inkatuluka m'fakitale ndi nambala yokha.

Chachisanu ndiyo nambalayo. Pa ziŵiya zakale za ku Britain nambala kaŵirikaŵiri inkanena muyeso, ndipo pambali pake pamalembedwa Gall kapena Galls, kutanthauza magaloni. Galoni imodzi ndi malita 4 ndi theka. Pa miphika ya ku South Africa nambala imangonena kukula: wa nambala 3 umaloŵa malita pafupifupi 8, ndipo pali ikuluikulu mpaka nambala 25, yophikira mudzi wonse. Tsono munthu akhoza kuyesa ndi botolo la lita imodzi. Mphika wolembedwa 3 ukamwa mabotolo 13 kapena 14, nambala yake ndi ya magaloni; ukadzaza ndi mabotolo 8, ndi wa kaŵerengedwe ka ku South Africa. Anthu a kumeneko amatinso nambala ikachulukitsidwa ndi mizere yozungulira mimba imapereka chiŵerengero cha anthu amene angadye. Amene anakonza masamu ameneŵa sankaganiza za asodzi ochokera kokakoka chilimira.

Chachisanu ndi chimodzi ndiko kutha kwake. Mphika umene wakhala pamoto zaka 60 kapena 80 umadziŵika. Miyendo yake imafupika ndi kusongoka, nthaŵi zina mosafanana. M'makutu, mmene mumakoleka chogwirira cha waya, mumadyeka. M'kati mumasalala chifukwa cha mthiko, makamaka kumene amatakasa kondowole, amene amafuna dzanja lamphamvu ndi mphika wosagwedezeka. Yakale yabwino imakhalanso yopyapyala kuposa yambiri ya masiku ano, imene imakhala yochindikala ndi yokhakhala ngati mchenga. Chivundikiro nacho chiyang'anidwe. Ngati nambala yake ikusiyana ndi ya mphika, ndiye kuti zinasinthana pa maliro ena, ndipo mwina chenicheni chili kwa mnansi.

Chotsiriza ndiko kulira kwake. Mphika ukolekedwe pa chogwirira chake n'kuugogoda pang'ono ndi kamtengo. Wamoyo umalira ngati belu, ndipo kulirako kumatenga kanthaŵi. Wong'aluka umangoti phu. Ming'alu ina ndi yaing'ono ngati tsitsi, ndipo imaoneka pokhapokha mphika utadzazidwa madzi n'kusiyidwa pa mchenga wouma.

Umboni wa pakamwa

Zizindikiro zonsezi zimanena za fakitale. Sizinena za munthu. Mtengo weniweni wa mphika wa pabanja uli m'mawu a amene akukumbukira yemwe anaubweretsa. Choncho wosunga zinthu zakale ayenera kukhala ndi kope, ndipo apite kwa agogo mwaulemu, akhale pansi, afunse kuti, "Agogo, kodi mphika uwu anabwera nawo ndani? Anali kugwira ntchito kuti? Nanga inu munali msinkhu wanji?"

Achikulire ambiri satchula chaka, koma amakumbukira zochitika, ndipo zochitikazo zili ndi zaka zake. Akati unabwera nkhondo ya Hitler ili m'kati, ndiye pakati pa 1939 ndi 1945. Akati unakwera Ilala ili yatsopano, ndiye cha m'ma 1951. Akati inali nthaŵi ya Chitaganya, ndiye pakati pa 1953 ndi 1963. Akati mwini wake anabwerera ndege itagwa, akunena ngozi ya ku Francistown ya mu 1974, imene inapha amuna 74 a ku Malaŵi ochokera ku migodi, ndipo boma linaimitsa Wenela. Ulendo wa ku migodi unayambanso mu 1977 pansi pa dzina la Theba, n'kutha mu 1988. Mawu a agogo akagwirizana ndi dzina ndi nambala za pa mphika, mbiri yake yakhazikika. Zonsezi zilembedwe, pamodzi ndi muyeso wa kukamwa, msinkhu, ndi chilema chilichonse. Kope lotere limathandizanso pa milandu ya kubwerekana, pakuti miphika ikuluikulu imayenda mudzi ndi mudzi, ndipo ina siibwerera. Kuboola kapena kuzokota dzina pa mphika n'kulakwa, chifukwa chitsulo chothira n'cholimba koma sichipindika, chimasweka.

Kutsuka ndi kusamala

Funso lina ndi la moyo, ndipo safunsa anadya phula. Mphika umene unaleka kuphikira mwina unagwira ntchito zina. Ngati anasungunuliramo mtovu wa m'mabatire wopangira zolemetsa maukonde, kapena anasakaniziramo mankhwala a tizilombo a m'munda, usabwererenso kukhitchini. Mtovu ndi poizoni amene amaononga ubongo wa ana, ndipo sachoka ndi sopo. Mphika wotere usungidwe monga chikumbutso basi.

Wopanda vuto lotere ukhoza kudzuka ngakhale utafiira ndi dzimbiri. Nkhata Bay ndi limodzi la maboma a mvula yambiri, ndipo chinyontho cha kunyanja sichichedwa kudya chitsulo, koma kaŵirikaŵiri dzimbirilo limakhala la pamwamba. Likwechedwe ndi mchenga wonyowa ndi chitsononkho. Likakanika, mphika uviikidwe m'madzi osakaniza theka ndi theka ndi viniga kapena madzi a mandimu, kwa ola limodzi lokha, kenaka ukwechedwenso. Ukatsukidwa uumitsidwe pamoto wochepa nthaŵi yomweyo, upakidwe mafuta ophikira pang'ono kwambiri m'kati ndi kunja, n'kuutenthetsa mpaka utsi uleke. Kuchita zimenezi katatu kapena kanayi kumabweretsa khungu lakuda limene limatchinga dzimbiri. Chakudya choyamba chikhale phala kapena masamba otaya. Oyilo wa galimoto ndi penti zisayandikire. Kuponya mphika m'moto waukulu kuti dzimbiri lipse, kapena kuthira madzi ozizira mumphika wotentha, ndizo njira ziŵiri zachidule zouphera. Chakudya chisagone m'menemo, makamaka cha matimati, ndipo posunga chivundikiro chikhale chotsegukako kuti mpweya uziloŵa.

Pali chifukwa chinanso chobwezera mphika wachitsulo pamoto. Kafukufuku wochitika m'midzi ya m'chigwa cha Shire, amene zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2003, anaonetsa kuti akuluakulu amene ankadya mosadukiza chakudya chophikidwa m'miphika yachitsulo magazi awo anaonjezeka, chifukwa chitsulo pang'ono chimaloŵa m'chakudya. Koma mabanja ambiri sanaikonde miphikayo chifukwa cha dzimbiri ndi kulemera. Dzimbirilo ndi vuto limene agogo a ku Kande analigonjetsa kale ndi mafuta ndi moto.

Kusonkhanitsa

Amene akufuna kusonkhanitsa ziŵiya zakale ayambire pakhomo pake ndi kwa abale ake. Kuonjezera pa miphika ya miyendo itatu pali ziŵaya, maketulo achitsulo, miphika ya pansi pafulati imene ena ankaphikiramo buledi poika makala pa chivundikiro, simbi za makala, ndi mbaula za Dover zimene zinali m'nyumba za mishoni ndi za akalaliki a boma. Zonsezi zimazindikirika ndi njira zomwe zija: maginito, misoko, dzina, nambala ndi kulira. Ziŵiya zisanu zodziŵika mbiri yake zimaposa makumi aŵiri zongounjika.

Pogula pafunika chilungamo. Mphika wa pabanja kaŵirikaŵiri si wa munthu mmodzi, ndipo mnyamata amene wabwera nawo madzulo mobisa sindiye mwini. Wogula afunse akuluakulu a pakhomopo, awauze zoona za chimene ali nacho, ndipo asatengerepo mwayi pa njala kapena pa matenda. Mphika umene mudzi umadalira pa maliro usachotsedwe kuti ukakhale chokongoletsera. Sukulu ndi mipingo zikhoza kusunga ziŵiya zimene eni ake sakuzigwiritsanso ntchito, chilichonse ndi kapepala ka mbiri yake, kuti ana aphunzirepo za maulendo a makolo awo. Chinthu chooneka kuti n'chakale kwambiri chikaonetsedwe kwa ogwira ntchito m'nyumba zosungiramo zinthu zakale, monga ya ku Mzuzu, ya ku Chichiri mu Blantyre, ya ku Mangochi, kapena ya Stone House ku Livingstonia. Ndipo popeza dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinthu zakale, wofuna kutulutsa chinthu chotere kunja ayambe wafunsa ku nthambi ya boma yoona zimenezi.

Anthu amati tsabola wakale saŵaŵa, koma mwambiwu sukhudza mphika wachitsulo, umene umakoma pokalamba. Chimene chimafulumira kutha ndi anthu odziŵa mbiri yake. Amuna otsiriza a Theba tsopano ndi okalamba, ndipo amene anaona abambo awo akutsika m'sitima ndi katundu wa ku Halale atsala oŵerengeka. Omvera amene ali ndi mphika wotere kuseri kwa nyumba, kapena umene nkhuku zikumweramo, autembenuze maŵa m'maŵa, aŵerenge zolembedwapo, ndipo apite ndi kope kwa agogo wa sikelo asanafike.